Mukufuna PhD ya architecture kapena interior design? Yambirani pa funso, Revit ibwera pambuyo

Achinyamata ambiri amene amaliza digiri ya architecture, kaya pa MUBAS paja tinkati pa Poly kaya kunja, akafika poganiza zopitiriza sukulu amanena zofanana: ndikufuna PhD ya BIM, kujambula nyumba yonse mu 3D pa kompyuta pamodzi ndi tsatanetsatane wa zipangizo zake monga amachitira pa pulogalamu ya Revit. Wina akuti ya AI, wina ya 3D printing, wa interior design naye akuti ya VR, magalasi ovala kumaso aja okuonetsani ngati muli mkati mwa chojambula. Ndikuuzeni lero lomwe musanathe bandulo kusakasaka mayunivesite, PhD ya Revit kulibe, ya Rhino kulibe, ya Midjourney nayonso kulibe. Amenewo ndi mapulogalamu basi, chaka chamawa atulutsa ena. Udokotala amakupatsani chifukwa mwafunsa funso lomwe anthu sanaliyankhe bwinobwino, mwaliyankha ndi umboni, ndipo munthu wina atha kudutsa momwe mwadutsamo n'kupeza zomwe mwapezazo. Kompyuta imangobwera kudzathandiza ntchito imeneyo.

Taonani za Ivan Sutherland. Mu 1963 pa MIT iyeyu anachita PhD yake pa pulogalamu yotchedwa Sketchpad, munthu amajambula pa sikirini ndi cholembera chapadera n'kuiuza kompyuta kuti mizere iwiri iyi ikhale yofanana kutalika, iyo n'kumasunga lamulolo olo chojambulacho muchisunthe motani. Sanali architect n'komwe, anali wa zamagetsi. Makina omwe ankagwiritsa ntchito anali odzadza chipinda ndipo anatha kalekale, koma funso lake loti munthu ndi kompyuta angamvane bwanji kudzera mu chojambula likadali moyo mpaka pano, AutoCAD ya 1982 ndi Grasshopper ya mu Rhino yomwe ana akuisewera lero zonse zimabwerera pamenepo. Nde mukamasankha mutu dzifunseni kuti pulogalamu yomwe mukuikondayo itatha mawa, pa thesis yanu patsala chani.

Musanapite patali onani kaye ngati mukuifunadi PhD yo. Siikupatsani chilolezo chosainira mapulani. Kuno zimenezo ndi za Board of Architects and Quantity Surveyors, ku South Africa ndi za SACAP, ku UK ndi za ARB, ndipo onsewo amafuna maphunziro a ntchitoyo, zaka zogwira pansi pa architect wolembetsedwa, ndi mayeso awo. Ngati maloto anu ndi kutsegula ofesi n'kumapeza makontirakiti, zaka zinayi kapena zisanu za pa saiti zikupindulirani kuposa za mu laibulale, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. PhD ndi ya munthu wofuna kuphunzitsa pa yunivesite, kutsogolera kafukufuku, kulangiza pa malamulo a zomangamanga, kapena amene pali chinthu china chake cha nyumba zomwe tikumanga chikumusowetsa tulo. Mayunivesite ambiri amafuna mukhale ndi masters, ndipo amayang'ana kwambiri ngati munalembako dissertation yeniyeni. Apa ma architect timagwa nazo chifukwa masters zathu zambiri ndi za mu studio, zojambula zokongola thoo koma zolemba masamba ochepa. Ngati muli choncho lembani pepala limodzi labwino la kafukufuku musanapemphe malo, olo likhale la pa msonkhano waung'ono, kuti pakhale chowaonetsa kuti mumatha kutsata mfundo mpaka kumapeto.

PhD yo siimodzi

Ku UK, ku Australia ndi ku South Africa kawirikawiri mumalowa ndi proposal yanu kale, makalasi ndi ochepa kapena kulibiretu, mumakhala inu ndi supervisor wanu zaka zitatu kapena zinayi n'kutulutsa thesis ya mawu mwina 80,000 mpaka 100,000. Ku America n'zosiyana, zaka ziwiri zoyamba ndi za makalasi ndi mayeso kenako ndi pomwe mumayamba kafukufuku wanu, zonse pamodzi zimatenga zaka zisanu kapena kuposa. Ku Netherlands, Switzerland, Denmark, Sweden ndi Norway PhD nthawi zambiri ndi ntchito yolembedwa, amalengeza ngati ntchito ina iliyonse, mumafunsira, akakutengani mumalandira malipiro pamwezi. Ubwino wake ndalama palibe nkhawa, koma mutu amakhala atasankha kale eni pulojekiti, inu mumangoupinda pang'ono. Ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland mwachitsanzo, mu 2014 kunayamba gulu lalikulu la digital fabrication, kumanga ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ndi lomwe linamanga DFAB House ku Dübendorf yomwe inatsegulidwa mu 2019, mbali zake zina zopangidwa ndi maloboti, ndipo ophunzira PhD ambiri anatulukira mu ntchito ngati imeneyo.

Palinso ina yomwe a interior design ndi ma architect okonda kujambula muyidziwe, yochita kafukufuku kudzera mu design yeniyeniyo. The Bartlett ku UCL mu London ili ndi PhD ya Architectural Design, RMIT ku Melbourne nayo inatchuka ndi PhD yomwe munthu amafufuza kuchokera pa ntchito zake zomwe wakhala akupanga. Mumapereka zojambula, ma model, zinthu zomwe mwapanga ndi manja, pamodzi ndi zolemba zocheperako. Koma musaganize kuti ndi njira yachidule ayi. Mumayenerabe kunena kuti chatsopano chomwe anthu aphunzirapo ndi chiti, ndipo kufotokoza zimenezo kuchokera pa chojambula n'kovuta kuposa kuchokera pa manambala.

Funso lipezeka kuti

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalepo nthawi chifukwa ma proposal ambiri amafera pano. Munthu amalemba kuti "ntchito ya tekinoloje pa zomangamanga mu Africa", umenewo si mutu wa munthu mmodzi, olo anthu handiredi sangaumalize. Funso labwino limakhala ndi malo, mtundu wa nyumba, anthu ake, ndi chinthu chomwe mungachiyeze kapena kuchiona ndi maso.

Tiyerekeze kalasi ya pulayimale ku Nsanje kapena ku Chikwawa mwezi wa Okotobala, kunja kukutentha kupitirira madigiri 40, denga ndi malata opanda siling'i, mawindo ndi timabowo ta mabuloko tija, ana ali pansi mothithikana. Aliyense amadziwa kuti mumatentha. Chomwe sitinachilembe mokwanira ndi chakuti mumatentha bwanji ola ndi ola, ndipo pa zinthu zomwe tingasinthe, kaya siling'i, kaya kukweza denga, kaya kupaka malata penti yoyera, kaya kutembenuza komwe bulokoyo yayang'ana, kaya khonde lalitali ndi mitengo, ndi chiti chimatsitsa kutentha kwambiri pa ndalama zochepa. Limenelo ndi funso. Ndipo mwaona kuti kompyuta yalowa yokha, chifukwa simungamange makalasi makumi asanu kuti muyese zonsezo, koma mutha kumanga imodzi mu EnergyPlus, pulogalamu yoyerekezera kutentha kwa m'nyumba, kudzera pa Ladybug ndi Honeybee za mu Grasshopper n'kuisintha kambirimbiri usiku umodzi.

Ofuna 3D printing, nkhani ili pakhomo pomwe. Mu 2021 kampani ya 14Trees inamanga sukulu ku Salima ndi makina osindikiza konkire, makoma ake anatha pa maola 18, ndipo inalengezedwa kuti ndi sukulu yoyamba pa dziko lonse yomangidwa choncho. Ku Lilongwe anamanganso nyumba ndi njira yomweyo. Nkhaniyo inazungulira dziko lonse, koma wa PhD safunsa kuti n'zotheka kodi, zinatheka kale. Amafunsa kuti patapita zaka makoma aja ali bwanji, mizere ija ya konkire ikusunga fumbi ndi chinyezi motani, mkati mukumveka bwanji mphunzitsi akamalankhula, mmisiri wa m'mudzi angakonze bwanji pakang'aluka, ndipo mukawerengera simenti, makina ndi mayendedwe ake mtengo ukufanana bwanji ndi mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi zopanikiza zija zosawotcha.

Wokonda nyumba zakale aganize za tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomwe chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo za architecture, pamodzi ndi amisiri akuno omwe anaumba njerwa zake za mitundumitundu. Masiku ano mutha kujambula nyumba yotere ndi laser scanner kapena ndi zithunzi mazanamazana n'kuzilumikiza pa kompyuta, mukhala ndi muyeso wa njerwa iliyonse. Koma kusikana kokha si PhD, imeneyo ndi ntchito ya masabata angapo. PhD ikubwera pomwe mukufunsa kuti muyesowo ukutiuza chani za mmene amisiri aja ankaganizira ndi kugawana ntchito, kapena kuti BIM yomwe inapangidwira makoma owongoka a ku fakitale ingasunge bwanji khoma lomwe njerwa zake zinaumbidwa ndi manja.

A interior design musadzione otsalira, ndipotu mafunso anu ndi omwe ali pafupi kwambiri ndi thupi la munthu. Khitchini yophikira makala pa mbaula m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, utsi ukuyenda bwanji, windo likhale pati kuti mwana wogona kuchipinda asaupume. Bungwe la WHO mu 2021 linaika mlingo wa tifumbi ta PM2.5 pa 15 micrograms pa cubic metre pa tsiku, nde muli ndi poyezera. Wodi ya amayi oyembekezera, mabedi ayalidwe bwanji kuti namwino mmodzi aziona onse koma mayi asamve ngati ali pa msika. Ku Kasungu kuli mudzi wodikirira amayi oyembekezera womwe anajambula a MASS Design Group, unatha mu 2015, tinyumba ting'onoting'ono tozungulira mabwalo m'malo mwa holo imodzi yaikulu, ndi malo abwino kufunsa kuti maganizo a ojambula ndi mmene amayi akugwiritsira ntchito malowo zikugwirizana pati. Apa VR ili ndi ntchito yeniyeni, mumamuveka namwino magalasi aja ayende mu wodi yomwe sinamangidwe akuuzeni kuti sinki mwaiika patali.

Muwerengenso zomwe anzathu anachita kale kuti musabwereze. Misonkhano ya za makompyuta mu architecture ya eCAADe, ACADIA, CAADRIA, SIGraDi ndi ASCAAD mapepala ake amasungidwa pa nkhokwe ya pa intaneti ya CumInCAD, majenulo ngati Building and Environment, Automation in Construction ndi Journal of Interior Design nawonso muwapitemo. Funsani ku laibulale ya yunivesite za Research4Life, imatsegulira mabungwe a m'maiko ngati Malawi majenulo ambiri omwe ena amalipira. Mapepala makumi atatu owerengedwa mofatsa, mukulemba pambali kuti uyu anafunsa chani, anayeza bwanji, anasiya pati, akupatsani mpata wanu. Mupeza kuti zambiri zinayesedwa ku Europe, ku China ndi ku America pa nyumba zokhala ndi ma AC ndi mawindo otsekeka bwino, ndipo pomwe zawozo zikulephera kufotokoza nyumba ya malata ya ku Ndirande ndi pomwe inu mukulowera.

Supervisor ndi proposal

Sankhani munthu, dzina la yunivesite libwere pachiwiri. Mukhala naye zaka zinayi munthu ameneyu, akakhala wosayankha ma email kapena mutu wanu alibe nawo chidwi, olo sukuluyo ikhale yotchuka bwanji mulira. Pa mapepala omwe mwawerenga aja onani maina omwe akubwerabwera, fufuzani pa Google Scholar ngati akulembabe zaka zitatu zapitazi, onani ophunzira awo akale ngati anamaliza, ndipo ngati mungathe lemberani mmodzi wa ophunzirawo mumufunse mwaulemu kuti amagwira nawo bwanji ntchito. Ophunzira amanena zoona.

Email yoyamba ikhale yaifupi, yokwana pa sikirini ya foni. Ndinu ndani ndipo munaphunzira chani, ziganizo ziwiri. Pepala lawo lomwe mwawerenga, mulitchule dzina n'kunena mfundo imodzi yomwe yakugwirani kapena yomwe mukuona kuti kwathu kuno singagwire. Funso lanu m'chiganizo chimodzi. Ndalama mukuyembekeza kuzipeza kuti. Kenako CV ndi tsamba limodzi kapena awiri a maganizo anu. Osatumiza email imodzimodzi kwa mapulofesa makumi awiri mutangosintha dzina, amazindikira msanga, ndipo ena amakhala ofesi zoyandikana. Pakapita masabata awiri osayankha kumbutsani kamodzi, zikakanika pitani kwina.

Proposal yeniyeni malo ambiri amafuna mawu 1,500 mpaka 3,000, onani zomwe sukuluyo yanena. Mbali yomwe amawerenga ndi diso lakuthwa ndi ya njira, kuti muchita bwanji. Osangoti "ndigwiritsa ntchito simulation", kuyerekezera nyumba pa kompyuta kuja, nenani kuti makalasi angati, m'boma liti, muyeza chani, ndi chida chanji, miyezi iti, ndipo mudzadziwa bwanji kuti model yanu ikunena zoona. Ikanimo ndondomeko ya zaka zitatu yomwe munthu angaikhulupirire, ndi zomwe mudzachite zinthu zikavuta, mwachitsanzo msewu ukaduka nthawi ya mvula. Portfolio ya zojambula ikani ngati apempha, koma masamba ochepa okhudzana ndi mutuwo, zithunzi za pa kompyuta za nyumba za mabwana sakuthandizani pano. Mayeso a Chingerezi a IELTS lembani msanga, ambiri amafuna 6.5 kapena 7, ndipo zotsatira zake zimagwira zaka ziwiri zokha.

Za ndalama ndinene mwachidule chifukwa malamulo ake amasintha chaka ndi chaka, muziona nokha pa masamba awo. Commonwealth Scholarship ili ndi ya PhD ku UK ya zaka zitatu, mumadutsira ku bungwe lomwe limasankha anthu m'dziko lanu, ndipo amafuna kalata yochokera kwa supervisor wa ku UK, nde mukuona chifukwa chake munthu uja mumupeze kaye. Chevening ndi ya masters ya chaka chimodzi basi, musataye nthawi kuifunsira PhD. Ku Germany kuli DAAD, ku America Fulbright kudzera ku embasy, Switzerland ili ndi sikolashipu ya boma lawo. Beit Trust ndi Canon Collins Trust amathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa maphunziro opitirira digiri yoyamba, onani kuti chaka chimenecho akupereka za mlingo uti. Ma PhD olipidwa ngati ntchito aja amalengezedwa pa EURAXESS, AcademicTransfer ndi jobs.ac.uk. Ku South Africa, UCT, Wits ndi University of Pretoria zili ndi masukulu a architecture akale, ndipo kuyandikira kwake kumathandiza ngati kafukufuku wanu ali kumudzi. Chomwe ndingakuletseni ndi kuyamba ndi ndalama ya chaka chimodzi mukuti zina zioneka kutsogolo. Chaka chachitatu ndi chomwe chimafuna mtima wokhazikika, si nthawi yoti muzijambulira anthu mapulani usiku kuti mupeze fizi.

Zida

Laputopu ikhale ndi RAM yosachepera 16GB, 32GB ndi bwino ngati mukhala mukutsegula ma point cloud, mafailo a timadontho otuluka mukasikana nyumba, ndi graphics card yakeyake. Mapulogalamu okuba asiyeni, kuwonjezera pa mavairasi yunivesite ikhoza kukufunsani laisensi. Autodesk imapereka Revit ndi AutoCAD ulere kwa ophunzira, Rhino ili ndi mtengo wa ophunzira ndipo Grasshopper imabwera momwemo. Aulere enieni aliponso ambiri: EnergyPlus, Radiance ya kuwala, QGIS ya mapu, Blender, Meshroom yolumikizira zithunzi, CloudCompare ya ma point cloud, KoboToolbox ya mafunso pa foni yomwe imagwira olo netiweki palibe, ndi Zotero yosungira zomwe mwawerenga. Zotero yo yambani nayo tsiku loyamba. Phunzirani pang'ono Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, osati kuti mukhale pulogalama ayi, koma kuti mafailo zikwizikwi a manambala musamawatsegule limodzilimodzi pa Excel.

Lembani penapake version ya pulogalamu iliyonse yomwe mwagwiritsa ntchito, chifukwa model yomweyo ikhoza kutulutsa manambala osiyanako pa version ina, ndipo examiner akafunsa muyenera kuyankha. Ma model a BIM sungani kopi mu IFC, failo yomwe mapulogalamu ambiri amatsegula, kuti laisensi ya ophunzira ikatha ntchito yanu isatsekeredwe. Ndipo chilichonse chikhale malo atatu, pa laputopu, pa hard drive yomwe simuyenda nayo m'chikwama chimodzi ndi laputopuyo, ndi pa intaneti. Kuzima kwa magetsi, wakuba mu minibasi, tiyi wotayikira pa kiyibodi, zonsezi zachotsapo anthu chaka chathunthu cha ntchito.

Kukayeza

Iyi ndi mbali yomwe imasiyanitsa PhD yolimba ndi zithunzi zokongola za mitundu yofiira ndi yabuluu. Simulation yomwe simunaiyerekeze ndi nyumba yeniyeni ili ngati kugula chimanga pa sikelo ya vendala yomwe simunaiyese, nambala ioneka ndithu koma simukudziwa ngati ndi yoona. Mafailo a nyengo omwe EnergyPlus imadya, a EPW aja, ambiri amachokera pa malo oyezera nyengo ngati mabwalo a ndege, pomwe pa Chileka pali mtetete ndi mphepo, zosiyana ndi pakati pa nyumba zothithikana za ku Mbayani. Zipangizo nazo zili mu pulogalamu ndi za kwa eni ake, njerwa yowotcha ya pa uvuni wa kumudzi mulibemo, malata adzimbiri a zaka khumi mulibemo. Nde muyenera kuyeza nokha n'kukonza model mpaka igwirizane ndi zomwe mwayeza, pokhapo ndi pomwe mungayambe kuifunsa kuti bwanji titaika siling'i.

Timakina toyezera kutentha ndi chinyezi, ma data logger, ndi tating'ono ngati bokosi la machesi. Musanapite nato kulikonse tiyikeni tonse mu katoni imodzi usiku wonse muone ngati tikuwerenga mofanana, kamene kakusiyana ndi anzake kalembeni chizindikiro. Mu kalasimo kapachikeni pa mita imodzi ndi pang'ono kuchokera pansi, pomwe pamakhala mutu wa munthu wokhala pa mpando, ndipo ngati ana amakhala pansi ikani kena m'munsi. Kasakhudze khoma, dzuwa lisakaombe, kena kakhale panja pa mthunzi. Kaziwerenga mphindi 10 kapena 15 zilizonse. Afotokozereni ahedi ndi ana omwe kuti si kamera ndipo sikajambula mawu, apo ayi mukapeza kakutidwa ndi pepala kapena kali m'thumba la wina. Musiyireni mphunzitsi kope azilemba kuti lero ana analipo angati, chitseko chinali chotsegula kapena ayi, anatuluka nthawi yanji, chifukwa mukadzaona kutentha kwatsika mwadzidzidzi 11 koloko kope limenelo ndi lomwe lidzakuuzeni kuti anapita kukaphunzirira pansi pa mtengo. Yezani nyengo zonse, Okotobala ndi Novembala wotentha, miyezi ya mvula, ndi Juni ndi Julaye wozizira, chifukwa njira yoziziritsa kalasi ku Nsanje ikhoza kuzunza ana ku Dedza.

Chilolezo cha kafukufuku musachione ngati chongochedwetsa. Yunivesite yanu ili ndi komiti yake, ndipo mukamachita kafukufuku ku Malawi mudutsenso ku makomiti a pansi pa National Commission for Science and Technology, za m'zipatala zili ndi komiti yake ya zaumoyo. Zimatenga miyezi, ikani mu ndondomeko. Kumudzi yambirani kwa amfumu, ku sukulu yambirani ku ofesi ya maphunziro ya boma limenelo, drone musaulutse musanapeze chilolezo kwa a zandege. A interior design samalani kwambiri apa, chifukwa mukasikana chipinda cha munthu kompyuta imatenga zonse, botolo la mankhwala pa tebulo, chithunzi cha mwana pa khoma, kalata ya ngongole, pomwe amabisa ndalama. Muonetseni mwini nyumba zomwe zatuluka, fufutani zomwe sakufuna, ndipo mumuuze momveka m'chilankhulo chake kuti zithunzizo zikaonekera kuti.

Kulemba, AI, ndi tsiku la viva

Chiyambireni ChatGPT kumapeto kwa 2022 aliyense akufunsa ngati angaigwiritse ntchito. Werengani lamulo la yunivesite yanu, zambiri zimafuna kuti munene poyera pomwe mwaigwiritsa ntchito. Pokonza code ya Python yomwe yakana kuyenda imathandizadi. Koma pa mabuku ndi mapepala musaikhulupirire, imapeka maina a mapepala omwe kulibe, ndi olemba ake ndi chaka chomwe, ndipo examiner akapeza limodzi lotere thesis yonse amayamba kuikayikira. Chilichonse chomwe mwachitchula mukhale mutachitsegula nokha. Zithunzi za AI nazo mukaika mu thesis lembani kuti ndi za AI, mawu omwe munalemba kuti zituluke, ndi tsiku lake.

Yambani kulemba mwezi woyamba, olo zikhale zosalongosoka. Mukatuluka kwa supervisor mutumizireni email tsiku lomwelo ya zomwe mwagwirizana. Kumapeto kwa chaka choyamba malo ambiri amakhala ndi mayeso otsimikiza kuti mupitirire, nde pofika pamenepo mukhale ndi chaputala cha zomwe ena analemba, njira yanu, ndi kuyesa kochepa komwe mwachita kale pa kalasi imodzi kapena chipinda chimodzi. Tulutsani pepala limodzi kapena awiri musanamalize, koma chenjerani ndi majenulo omwe amakulemberani okha email kuti tumizani pepala tisindikiza sabata ino mukalipira madola, amenewo amaipitsa CV. Onani ngati jenuloyo ili pa mindandanda ya majenulo odalirika ya Scopus kapena DOAJ, ndipo funsani supervisor.

Ku UK pamapeto pamakhala viva, mayeso a pakamwa, inu ndi ma examiner awiri, wina wa pa sukulupo wina wakunja, chitseko chotseka, maola awiri kapena atatu. Ku Netherlands mumateteza pagulu, abale ndi anzanu ali pompo. Mayunivesite ambiri a ku South Africa amatumiza thesis kwa ma examiner akunja omwe amalemba malipoti. Kulikonseko mafunso a thesis ya makompyuta amazungulira pamodzi: chifukwa chani munasankha pulogalamu iyi osati ina, manambala omwe munalowetsa munawatenga kuti, model yanu imalakwitsa ndi madigiri angati poyerekeza ndi zomwe munayeza, ndipo zotsatira zanu zimasiya kugwira ntchito pati. Konzekerani kuyankha zimenezi popanda kutsegula laputopu. Anthu ambiri amakhoza koma ndi zokonza, zazing'ono amapereka miyezi yochepa, zazikulu mpaka chaka. Pangani tebulo la mizati itatu, zomwe examiner ananena, zomwe mwasintha, ndi tsamba lake, mutumize pamodzi ndi thesis yokonzedwayo. Mafailo a model, code ndi manambala omwe mulibe zinsinsi za anthu ikani pa nkhokwe ya pa intaneti ya Zenodo kapena pa nkhokwe ya yunivesite yanu, ndipo lembani masamba awiri m'Chichewa osavuta, okhala ndi chojambula cha siling'i kapena windo lomwe mwapeza kuti limathandiza ndi mtengo wake, mukapereke kwa ahedi, amfumu ndi amisiri omwe anakutsegulirani zitseko.